Mungathe Kumanga Kompyuta Yanu

   Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta. Ndisanayambe ntchito imeneyi ndinkakonza njinga pamsika. Choncho musadabwe mukamva ndikutchula njinga kaŵirikaŵiri.

Mwina ena mwa inu mukufunsa mumtima kuti, "Ife tangophunzira kumene kuŵerenga, nanga za kompyuta zikutikhudza bwanji?" Zikukukhudzani ndithu. Mwana wanu amene ali ku sekondale kapena ku koleji tsiku lina adzati, "Amayi, ndikufuna kompyuta." Gulu lanu la banki mkhonde lidzafuna posunga maina ndi ziŵerengero. Nanga ndalama zake zidzachokera kuti? Zidzachokera m'thumba lanu lomwelo. Zidzachokera pa soya, pa mtedza, pa fodya, kapena pa mbuzi imene mudzagulitse. Ndalama zokhetsera thukuta zisatayike chifukwa cha kusadziŵa.

Kompyuta ya patebulo si chinthu chimodzi chogwirana ngati mwala ayi. Ndi ziŵalo zingapo zolumikizidwa m'bokosi. Munthu angathe kugula ziŵalozo padera, china apa china apo, n'kuzimanga yekha panyumba. Akatero amalipira zokhazo zimene akuzifuna. Chiŵalo chimodzi chikafa, amasintha chokhacho.

Koma pali lamulo limodzi. Mukaiŵala zonse zimene ndinene lero, ili lokha musaliiŵale: ziŵalo ziyenera kugwirizana. Tayala la 28 silikwana pa limu la 26, ngakhale tayalalo likhale latsopano. Ndipo chida chodziŵira ngati ziŵalo zikugwirizana muli nacho kale. Chidacho ndi kuŵerenga.

Muli chiyani m'bokosimo?

Tiyeni titsegule bokosilo tione. Muli ziŵalo zisanu, ndipo bokosi lenilenilo ndi lachisanu ndi chimodzi.

Choyamba ndi purosesa. Ndi kachitsulo kafulati, kukula kwake ngati bokosi la machesi. Purosesa ndiyo imaŵerengera ndi kulamula ntchito zonse. Makampani odziŵika opanga mapurosesa a makompyuta otereŵa ndi aŵiri, Intel ndi AMD. Purosesa imatentha ikamagwira ntchito, choncho pamwamba pake pamakhala fani yoiziziritsa.

Chachiŵiri ndi bolodi lalikulu. M'masitolo amalitcha motherboard. Ili lili ngati felemu ya njinga. Ziŵalo zina zonse zimagwira pamenepo.

Chachitatu ndi RAM. Ndi kandodo kafulati kokhala ndi timano m'munsi. RAM ili ngati lichero. M'lichero mumaika chimanga chokhacho chimene mukupeta panthaŵiyo. Lichero likachepa, ntchito imachedwa. Mukazimitsa kompyuta, m'licheromo simutsala kanthu.

Chachinayi ndi SSD. Iyi ndiyo nkhokwe. Makalata, zithunzi ndi mapulogalamu zimasungidwa mmenemo, magetsi azime asazime. Makompyuta akale ankagwiritsa ntchito hard disk, imene mkati mwake muli mbale yozungulira. Imeneyo imachedwa ndipo ikagwa imafa msanga. SSD ilibe chozungulira, ndipo ndi yaliŵiro.

Chachisanu ndi kabokosi ka magetsi. M'masitolo amati power supply. Magetsi a m'nyumba zathu muno m'Malaŵi ndi a mavolti 230. Ziŵalo za kompyuta sizingapirire mphamvu yotere. Kabokosika kamaitsitsa kufika pa mavolti 12, 5 ndi 3.3, n'kuigaŵira ziŵalo zonse.

Kunja kwa bokosi kumafunika zinthu zitatu: sikirini yoonerapo, kiyibodi yolembera, ndi mausi yolozera.

Chimanga timayeza ndi ndowa kapena makilogalamu. RAM ndi SSD timaziyeza ndi magigabaiti. Polemba amangoti GB. Mukaona 8 GB ndi 4 GB, yaikulu ndi 8 GB.

Nzeru imeneyi ndi yakale

Kumanga kompyuta panyumba sikunayambe dzulo. M'chaka cha 1975 ku America kunatuluka kompyuta yotchedwa Altair 8800. Ambiri ankaigula ili zidutswazidutswa, n'kumawotcherera okha. M'chaka cha 1981 ku Britain kampani ya Sinclair inatulutsa kakompyuta kotchedwa ZX81. Komangidwa kale ankagulitsa mapaundi 69.95, koma wofuna kumanga yekha ankalipira mapaundi 49.95.

Chaka chomwecho cha 1981 kampani ya IBM inatulutsa kompyuta yake ya patebulo. Ziŵalo zambiri sinapange yokha. Purosesa inachokera ku Intel, ndipo pulogalamu yoyendetsa makinawo inachokera ku Microsoft. Makampani ena ataona zimenezi anayamba kupanga makompyuta ofanana nayo. Kenaka m'chaka cha 1995 Intel inakhazikitsa muyezo wotchedwa ATX. Muyezowu umanena kukula kwa bolodi, malo a mabowo ake, ndi kalumikizidwe ka magetsi. Ndi chifukwa chake bolodi la kampani ina limakwana m'bokosi la kampani ina. Masiku ano palibenso zowotcherera. Ntchito yake ndi kuloŵetsa ndi kumanga masikuluwu, basi.

Yambani ndi mafunso

Musanapite ku sitolo, khalani pansi ndi banja lanu. Funsanani mafunso atatu.

Funso loyamba: kodi kompyutayi ndi ya ntchito yanji? Ngati ndi yolembera makalata, kusunga ziŵerengero za geni, kuphunzirira ana ndi kuloŵera pa intaneti, simufuna zodula ayi. RAM ya 8 GB ndi SSD ya 256 GB zikukwanirani. Wogulitsa angakuonetseni chiŵalo china chodula chotchedwa graphics card. Chimenecho ndi cha oseŵera magemu akuluakulu ndi okonza mafilimu. Wopita ku chigayo chapafupi sabwereka lole.

Funso lachiŵiri: kodi panyumba pali magetsi okwanira? Kompyuta ya patebulo ilibe batire. Magetsi akazima, nayo imazima pomwepo. Ngati mumadalira kasola kakang'ono kounikira ndi kutchajira foni, laputopu ingakuthandizeni koposa. Palinso kakompyuta kotchedwa Raspberry Pi. Kanayamba kugulitsidwa ku Britain m'chaka cha 2012 pa mtengo wa madola 35. Kukula kwake ndi ngati chiphaso cha unzika, ndipo kamadya magetsi ochepa kwambiri.

Funso lachitatu: kodi kumanga nokha kukutchipadi? Apa ndinene zoona. Si nthaŵi zonse ayi. Nthaŵi zina kompyuta yogwirapo kale ntchito m'maofesi imatchipa kuposa ziŵalo zogula padera. Mukaipeza yotero, igulani, muiikire SSD, muwonjezere RAM. Kumeneko nako ndi kumanga. Koma dziŵani kuti makompyuta ena a m'maofesi ali ndi bolodi ndi kabokosi ka magetsi zamtundu wawokha. Zikafa, zoloŵa m'malo mwake zimavuta kupeza. Lembani mitengo yonse iŵiri m'kope, muphatikize, muyerekeze. Masamu amene mwaphunzira m'kalasi muno ntchito yake ndi imeneyi.

Malamulo asanu a kugwirizana

Tsopano tafika pa tayala ndi limu. Tcherani khutu.

Lamulo loyamba: purosesa igwirizane ndi bolodi. Pabolodi pali mpando pamene purosesa imakhala. Mpandowo amautcha soketi, ndipo uli ndi dzina. Kwa AMD kuli AM4 ndi AM5. Kwa Intel kuli LGA1200, LGA1700 ndi ena. Purosesa ya AM4 imafuna bolodi la AM4. Purosesa ya Intel siingakhale pa bolodi la AMD, ngakhale mutaikakamiza. Dzina la soketi limalembedwa pa katoni ya purosesa ndi pa katoni ya bolodi. Ŵerengani maina onse aŵiri, chilembo ndi chilembo, nambala ndi nambala. Mufunsenso wogulitsa akuonetseni purosesayo pa mndandanda wa mapurosesa amene bolodilo limalola.

Lamulo lachiŵiri: RAM igwirizane ndi bolodi. Pali DDR3, DDR4 ndi DDR5. Pongoona zimafanana, koma pakati pa timano take pali kampata ngati gweru, ndipo gwerulo lili pa malo osiyana. Bolodi la AM4 limafuna DDR4. Bolodi la AM5 limafuna DDR5. Mabolodi a LGA1700 ena ndi a DDR4, ena ndi a DDR5, choncho ŵerengani pa katoni. RAM ya laputopu ndi yaifupi, siloŵa pa bolodi lalikulu wamba.

Lamulo lachitatu: purosesa ikhale yotha kutulutsa zithunzi payokha. Apa chilembo chimodzi chingakudyereni ndalama. Purosesa ya Intel imene dzina lake lathera ndi F situlutsa zithunzi. Core i3-12100 imatulutsa, koma Core i3-12100F situlutsa. Kwa AMD, pa mapurosesa a Ryzen a soketi ya AM4, funani yothera ndi G. Ryzen 5 5600G imatulutsa zithunzi, koma Ryzen 5 5600 situlutsa. Mukagula yosatulutsa zithunzi, sikirini idzangokhala bii, mpaka mutagula graphics card ija. Mwaona ubwino wodziŵa F ndi G?

Lamulo lachinayi: purosesa isakhale yakale kwambiri. Kwa Intel, nambala yoyamba pambuyo pa kamzere imanena mbadwo wake. Core i5-8400 ndi ya mbadwo wa 8. Core i3-12100 ndi ya mbadwo wa 12. Pulogalamu ya Windows 11 imafuna purosesa ya mbadwo wa 8 kapena kuposa. Wina akati, "Iyi ndi i7, ndi yamphamvu," inu mufunse kuti, "Ya mbadwo uti?" Tambala wokalamba amakhala wamkulu, koma nyama yake ndi yolimba.

Lamulo lachisanu: bolodi likwane m'bokosi, ndipo waya wa sikirini ukwane pabolodi. Bolodi lotchedwa micro-ATX ndi laling'ono, kaŵirikaŵiri ndi lotchipa, ndipo limakwana m'bokosi la ATX. Kumbuyo kwa bolodi kuli poloŵetsa waya wa sikirini. Pena pamalembedwa HDMI. Pena ndi pabuluu pa mabowo 15, pamenepo ndi VGA. Sikirini yanu ikhale ndi poloŵetsa pofanana. Ngati panyumba pali TV yokhala ndi HDMI, imeneyo ingakhale sikirini yanu. Mwapulumutsa ndalama.

Nachi chitsanzo cha ziŵalo zogwirizana: purosesa Ryzen 5 5600G, bolodi la AM4 la micro-ATX lolola purosesayo, RAM ya DDR4 ya 8 GB, SSD ya 256 GB, ndi kabokosi ka magetsi ka mawati 400.

Zimene zinandichitikira ine

Musaganize kuti ndikulankhula za m'buku zokha. Ndinapsa nazo ndekha.

Nditangoyamba ntchitoyi, alamu anga anagulitsa mbuzi ziŵiri. Anandipatsa ndalamazo nati, "Alamu, mumangire mwana wanga kompyuta." Ine ndinavomera modzitama. Ndinagula bolodi logwirapo kale ntchito kwa munthu wina. Kwa munthu winanso ndinapeza RAM yotchipa. Sindinaŵerenge kapepala kamene kanamatidwa pa RAM ija. Ndinangoti RAM ndi RAM.

Nditafika kunyumba, RAM ija inakana kuloŵa. M'malo moima ndi kufunsa, ndinaikanikiza ndi zala zonse ziŵiri, monga ndinkachitira ndi tayala louma. Ndinangomva kuti phwa! Poloŵetsa paja panasweka. Bolodilo linali la DDR3, RAM inali ya DDR4. Zonsezi zinali zolembedwa, ine ndi amene sindinaŵerenge. Lisiti ndinalibe. Ndalama za mbuzi zinapita.

Ulendo wopita kukawauza alamu unali wautali, ngakhale nyumba yawo inali pafupi. Ndinabweza ndalamazo pang'onopang'ono, ndipo mwanayo anadikira miyezi ingapo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinalidya ndithu. Kuyambira tsiku limenelo, chiŵalo chikakana kuloŵa, ndimachibweza patebulo n'kuyamba kuŵerenga.

Pogula

Lembani maina a ziŵalo zonse m'kope musanachoke panyumba. Lembani dzina lathunthu, osadula. Funsani mitengo m'masitolo atatu. Ziŵalozi zimachokera kunja, choncho mitengo yake imatsata dola. Mukukumbukira kuti mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo katundu wochokera kunja anakwera. Chakumapeto kwa 2025 mtengo wa RAM unakwera kwambiri padziko lonse, chifukwa makampani akuluakulu ankaigula yambirimbiri. Choncho mtengo umene mnzanu anagulira chaka chatha usakunamizeni. Funsani wa lero.

Ena amati, "Ndigula purosesa mwezi uno, bolodi ndidzagula ndikadzakolola." Njerwa mungathe kuunjika chonchi, koma ziŵalo za kompyuta ayi. Purosesa yokha simungaiyese popanda bolodi, RAM ndi magetsi. Ikakhala yakufa, mudzazindikira patapita miyezi, wogulitsa atakuiŵalani. Sungani ndalama mpaka zikwane. Kenaka gulani zonse sabata imodzi, mumange, muyese.

Nanga zogwirapo kale ntchito? Bokosi, sikirini, kiyibodi ndi mausi mungagule zakale popanda mantha. Purosesa ndi RAM nazo zimakhalitsa, koma wogulitsa aziyese inu mukuona. Bolodi lakale liyang'anitsitseni poŵala. Pasakhale popsa, pasakhale dzimbiri, ndipo timano ta m'soketi tisakhale topindika. SSD ndi bwino kugula yatsopano, chifukwa imatha ndi ntchito ndipo kutha kwake sikuoneka ndi maso.

Pa kabokosi ka magetsi pokha musaumire. Kabokosi kachabechabe kakapsa kamapsereza bolodi, purosesa ndi SSD nthaŵi imodzi. Mabuleki a njinga sitigula otchipitsitsa, si choncho? Chenjeraninso ndi timabokosi takale tokhala ndi kabatani kofiira kumbuyo, kolembedwa 115 ndi 230. Ku America magetsi a m'nyumba ndi a mavolti 120, choncho katundu wochokera kumeneko angabwere kabataniko kali pa 115. Mukalumikiza chomwecho pa magetsi athu, kamaphulika. Kabataniko kaonetse 230.

Ngati muli ndi mbale ku Joni amene akufuna kukutumizirani chiŵalo, musangoti, "Munditumizire RAM." Mulembereni uthenga wa dzina lathunthu: DDR4, 8 GB, ya kompyuta ya patebulo.

Pomaliza, landirani lisiti. Palembedwe dzina la chiŵalo, mtengo ndi tsiku. Funsani kuti, "Chikakana kugwira ntchito, ndibweze pasanathe masiku angati?" Yankholo lilembedwe pa lisiti lomwelo. Mawu apakamwa amauluka.

Tsiku lomanga

Sankhani nthaŵi ya masana, poŵala bwino. Konzani tebulo loyera ndi louma. Tengani sikuludiraiva ya mtanda ndi kambale koikamo masikuluwu. Ana aang'ono akaseŵere panja. Pulagi isakhale pakhoma mpaka mutamaliza.

1. Gwirani chitsulo cha bokosi musanagwire chiŵalo chilichonse. Mukavula juzi mumdima nyengo yozizira, mumamva thethethe ndi kuona timoto. Amenewo ndi magetsi ounjikana m'thupi. Inu sakupwetekani, koma angaphe RAM kapena purosesa. Kugwira chitsulo kumawachepetsa. Ziŵalo muzizigwira m'mbali, osati pa timano.

2. Ikani bolodi pamwamba pa katoni yake. Kwezani kachitsulo kotsekera soketi. Pa ngodya imodzi ya purosesa pali kachizindikiro ka nsonga zitatu. Pa soketi palinso kofanana nako. Zizindikirozo ziyang'anane. Purosesa imakhala yokha pampando wake popanda kukanikiza. Ikakhala, tsitsani kachitsulo kaja.

3. Ikani fani pamwamba pa purosesa. Pakati pa ziŵirizi pamafunika phala lotuwa lothandiza kutentha kutuluka. Fani yatsopano kaŵirikaŵiri imabwera italipaka kale. Ngati palibe, ikani kadontho kamodzi konga njere ya nandolo pakati pa purosesa. Waya wa fani uloŵe pamene palembedwa CPU_FAN.

4. Tsegulani tizogwirira ta m'mbali mwa poloŵetsa RAM. Onani gweru lija, ligwirizane ndi kachitunda ka poloŵetsapo. Likagwirizana, kanikizani mbali zonse ziŵiri mpaka mumve kuti kha. Likapanda kugwirizana, tembenuzani. Likakanabe, imani. Kumbukirani mbuzi za alamu anga.

5. Ikani SSD. Ya mtundu wa M.2 ndi kandodo kakang'ono koloŵa pabolodi chopendekera, kenaka mumakagoneka ndi kukamanga ndi kasikuluwu kamodzi. Ya mtundu wa SATA ndi kabokosi kafulati kofuna mawaya aŵiri, wina wopita pabolodi, wina wochokera ku kabokosi ka magetsi.

6. M'bokosi muli timiyendo tachitsulo pamene bolodi limakhala. Timiyendoti tikhale pansi pa mabowo a bolodi pokha. Bolodi lisagunde chitsulo cha bokosi. Loŵetsani kaye kachitsulo kotchinga kumbuyo kamene kanabwera ndi bolodi. Kenaka ikani bolodi, mumange masikuluwu. Musalimbitse ngati mukumanga pedulo.

7. Mangani kabokosi ka magetsi pamalo pake. Waya wake waukulu wa mabowo 24 uloŵe pabolodi. Wina wa mabowo 8 kapena 4, wolembedwa CPU, uloŵe pafupi ndi purosesa. Ambiri amaiŵala umenewu.

8. Kutsogolo kwa bokosi kumachokera timawaya tating'ono. Kolembedwa POWER SW ndi ka batani loyatsira. Kabuku kobwera ndi bolodi kali ndi chithunzi choonetsa poloŵetsa pake. Tsatani chithunzicho.

9. Pendeketsani bokosi pang'ono, mumve ngati muli sikuluwu yotayika. Onani kuti waya usagunde fani.

Musafulumire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati ndi koyamba, itanani munthu amene anamangapo akhale pambali panu. Koma sikuludiraiva ikhale m'manja mwanu, kuti nzeru itsale panyumba.

Kuyatsa koyamba

Lumikizani sikirini, kiyibodi ndi mausi. Ikani pulagi pakhoma. Kumbuyo kwa kabokosi ka magetsi kuli batani lolembedwa I ndi O. Likhale pa I. Tsopano dinani batani lakutsogolo. Fani ikazungulira ndipo pa sikirini pakaoneka zilembo, mwapambana.

Pakapanda kuoneka kanthu, mtima usagwe. Kaŵirikaŵiri vuto limakhala laling'ono. Chotsani pulagi. Zulani RAM, muibwezeretse mpaka imveke kha. Onani waya uja wa CPU. Onani waya wa sikirini. Onani kawaya ka POWER SW. Yesaninso. Koma mukamva fungo la kupsa, chotsani pulagi msangamsanga, mukafunse odziŵa.

Chenjezo lalikulu ndi ili: kabokosi ka magetsi musakatsegule, ngakhale pulagi itachotsedwa. Mkati mwake mumatsala mphamvu yoti ingaphe munthu. Kakafa, gulani kena.

Kompyuta yatsopano ili ngati nyumba yopanda katundu. Imafuna pulogalamu yoiyendetsa, imene amailoŵetsa ndi fulashi ya 8 GB kapena kuposa. Yodziŵika kwambiri ndi Windows, ndipo chiphaso chake n'chogula. Kampani ya Microsoft inathetsa chithandizo cha nthaŵi zonse cha Windows 10 pa 14 October 2025, choncho wofuna Windows aike Windows 11. Peŵani mapulogalamu akuba. Ambiri amabwera ndi mavairasi owononga ntchito yanu.

Koma iliponso yaulere. Dzina lake ndi Linux. Anaiyamba ndi Linus Torvalds wa ku Finland m'chaka cha 1991, ali mwana wa sukulu ku yunivesite. Mtundu wake wina wotchuka ndi Ubuntu, umene anauyambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa m'chaka cha 2004. Mawu akuti ubuntu ndi omwe ife timati umunthu. Linux imayenda bwino ngakhale pa purosesa yakale imene Windows 11 yaikana. Polemba makalata ndi kusunga ziŵerengero pali LibreOffice, nayonso yaulere. Kuloŵetsa pulogalamu koyamba, pemphani wodziŵa akuthandizeni. Kufunsa si manyazi.

Kusamala kompyuta yanu

Adani a kompyuta ndi fumbi, kutentha, madzi ndi mphenzi. Musaiike pansi, ikhale patebulo. Kumbuyo kwake kusagunde khoma, mpweya uzidutsa. Ikazima, ifunditseni nsalu. Ikayaka, ivundukuleni, makamaka mwezi wa October dzuŵa likamaswa mtengo. Miyezi ingapo ikapita, chotsani pulagi, tsegulani bokosi, muchotse fumbi ndi kaburashi kouma. Musadyere pafupi nayo, chifukwa nyenyeswa zimaitana mphemvu ndi mbeŵa.

Mvula ya ziphaliwali ikayamba, zimitsani ndi kuchotsa pulagi. Magetsi akazima, chotsaninso pulagi, chifukwa pobwera nthaŵi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira. Ngati ndalama zilipo, gulani kachipangizo kotchinjiriza mphamvu yopitirira, konga kamene ena amaika pa filiji. Palinso bokosi la batire lotchedwa UPS. Limeneli limakupatsani mphindi zochepa zoti musunge ntchito yanu ndi kuzimitsa bwino. Makalata ofunika muziwasunganso pa fulashi. Mbewu sitisunga m'chikwatu chimodzi.

Mawu otsiriza

Amayi ndi abambo, kompyuta yomanga nokha imakula pamodzi ndi banja. Chaka chino muli RAM ya 8 GB. Chaka chamaŵa mukakolola bwino, mungawonjezere ina. Nkhokwe ikadzaza, mumaika yachiŵiri. Chikafa chimodzi, mukudziŵa pamene chili ndi dzina lake, ndipo wokonza sangakuuzeni kuti zonse zapsa.

Dzulo lomweli ena mwa inu mumadinda chala polandira ndalama. Lero mukutha kusiyanitsa F ndi G, DDR4 ndi DDR5, 115 ndi 230. Mukaloŵa m'sitolo, tengani kope lanu. Tengani katoni m'manja, muŵerenge mosafulumira, wogulitsa adikire. Ndalamazo ndi zanu.



Mafunso okambirana

1. Tchulani ziŵalo zisanu za m'bokosi la kompyuta. Kodi chilichonse chimagwira ntchito yanji?
2. Kodi RAM ikufanana bwanji ndi lichero? Nanga SSD ikufanana ndi chiyani?
3. Bolodi lalembedwa AM4. Mugula RAM iti: DDR3, DDR4 kapena DDR5?
4. N'chifukwa chiyani si bwino kugula chiŵalo chimodzi lero, china patapita miyezi?
5. Lembani m'kope mwanu zinthu zinayi zimene ziyenera kulembedwa pa lisiti.